Mmene nzika ya Poland ingalowere m'dziko la Montenegro popanda viza

Dziko la Montenegro, limene eni ake amalitcha Crna Gora ndipo a ku Poland amati Czarnogóra, ndi laling'ono moti munthu akhoza kudya kadzutsa m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic ku Kotor n'kukagona m'mapiri a Durmitor dzuwa lisanalowe. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 13,812 ndipo anthu ake amangopitirira pang'ono 620,000. Linaima palokha mu 2006 litasiyana ndi Serbia, linalowa m'bungwe la NATO mu 2017, ndipo lakhala likukambirana zolowa m'mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa EU kuyambira mu 2012, koma mpaka pano silinalowemo, komanso silili m'dera la Schengen kumene anthu amadutsa malire popanda wowafunsa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nzika ya Poland imene yazolowera kupita ku Berlin kapena ku Praha ngati ikupita kumudzi woyandikana nawo, ikamva kuti ku Montenegro safuna viza ndiponso kuti ndalama yake ndi yuro, imaganiza kuti kumenekonso ndi kwawo. Sizili choncho ayi. Viza safunadi, koma pachipata pali wapolisi amene amayang'ana zikalata, masiku okhala m'dzikomo ali ndi malire, ndipo mlendo aliyense amayenera kulembetsedwa kumene wafikira.

Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi unzika wa Poland, kaya anabadwa nawo kaya anachita kupatsidwa, komanso a amene akukonzera ulendo banja limene muli nzika za dzikolo.

Yambani ndi kusankha chikalata

Musanagule tikiti ya ndege kapena kulipira malo ogona, khalani pansi muwerenge masiku amene mukufuna kukakhala, chifukwa nambala ya masikuwo ndi imene ikuuzeni chikalata choti mutenge. Mukalowa ndi chiphaso cha unzika, chimene ku Poland amati dowód osobisty, mumaloledwa kukhala masiku osapitirira 30. Mukalowa ndi pasipoti mumaloledwa masiku osapitirira 90 m'kati mwa masiku 180. Munthu ndi yemweyo, unzika ndi womwewo, koma chimene wapereka m'manja mwa wapolisi pachipata ndicho chimasiyanitsa mwezi umodzi ndi miyezi itatu. Kwa amene akupita kutchuthi cha sabata ziwiri ku Budva kapena ku Herceg Novi, chiphaso cha unzika n'chokwanira, ndipo palibe chifukwa chowonongera ndalama kupangitsa pasipoti chifukwa cha ulendo umenewu wokha. Koma ngati pali kanthu kena kamene kangatalikitse ulendo, monga kukaona nyumba imene mukuganiza zogula, kukacheza kwa achibale, kapena kungofuna kukhala chilimwe chonse kunyanja, tengani pasipoti ndipo muionetse iyoyo polowa. Kukhala nayo m'chikwama pamene pachipata munaonetsa chiphaso cha unzika kungakuvutitseni kufotokoza pambuyo pake, poti m'kompyuta ya apolisi mudzakhala mutalembedwa chikalata chimene munalowera.

Powerenga masiku, werengani tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka lomwe, ngakhale mutafika usiku kwambiri kapena kunyamuka mbandakucha. Amene walowa ndi chiphaso cha unzika pa 1 Julayi, tsiku lake la 30 ndi pa 30 Julayi, osati pa 1 Ogasiti monga mmene ambiri amaganizira akamati mwezi umodzi. Amene walowa ndi pasipoti pa 1 Juni, tsiku la 90 limamupeza pa 29 Ogasiti. Ndipo poti masiku 90 aja amawerengedwa m'kati mwa masiku 180, maulendo afupiafupi amene munapanga miyezi yapitayi amaphatikizidwa pamodzi. Kutuluka kupita ku Dubrovnik m'dziko la Croatia kapena ku Shkodër m'dziko la Albania kwa tsiku limodzi n'kubwereranso si njira imene ndingalangize munthu kudalira kuti masiku ake ayambirenso pa chiyambi. Ine ndimaona kuti n'chanzeru kusiya masiku awiri kapena atatu osagwiritsidwa ntchito kumapeto, chifukwa ndege imalephereka, galimoto imawonongeka, mwana amadwala, ndipo kupyola nthawi yololedwa kumabweretsa chindapusa, mwinanso kuletsedwa kulowanso kwa kanthawi.

Chikalatacho chikhale chenicheni chogwirika m'manja. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa kuyambira mu 2023 anthu a ku Poland ali ndi chiphaso cha pafoni chotchedwa mDowód, chimene chimapezeka mu pulogalamu ya boma ya mObywatel, ndipo m'dziko mwawo amachionetsa kubanki, kupositi ndi kwa apolisi popanda vuto, moti ambiri anasiya kuyenda ndi khadi lapulasitiki. Chiphaso cha pafonicho sichiwoloka malire. Laisensi yoyendetsera galimoto nayonso si chikalata chowolokera malire, chimodzimodzinso khadi la sukulu kapena chithunzi cha pasipoti chojambulidwa pafoni.

Yang'ananinso tsiku limene chikalata chanu chidzathe mphamvu, ndipo muchite zimenezi miyezi iwiri ulendo usanafike, osati madzulo olongedza katundu. Chikalata chiyenera kukhala champhamvu pa ulendo wonse mpaka kubwerera, ndipo ndi bwino chitakhala ndi miyezi ingapo yotsala kuti pasakhale kukangana ndi ogwira ntchito pabwalo la ndege. Chiphaso cha unzika chatsopano chimapemphedwa kwaulere ku ofesi ya gmina iliyonse, kutanthauza khonsolo ya dera, ku Poland ndipo chimatenga pafupifupi mwezi kuti chituluke. Pasipoti imalipiridwa ndipo imapemphedwa ku ofesi za mapasipoti zimene zili pansi pa wojewoda, mkulu woimira boma m'chigawo. Amene akukhala kunja kwa Poland adziwe kuti ofesi za kazembe zimapanga mapasipoti okha, sizipanga ziphaso za unzika. Pali msampha wina umene umakola anthu osalakwa: ngati munanenapo kuti chikalata chanu chatayika ndipo kenako munachipeza pansi pa mpando, musayende nacho, chifukwa chinafafanizidwa kale m'kaundula, ndipo potuluka m'dera la Schengen zikalata za nzika za EU nazonso zimayesedwa pa kompyuta.

Mwana aliyense, ngakhale wakhanda wa miyezi itatu, amafunika chikalata chakechake, pasipoti kapena chiphaso cha unzika. Zikalata za ana aang'ono zimakhala zaka 5 zokha pamene za akuluakulu zimakhala zaka 10, n'chifukwa chake m'mabanja ambiri chimene chimapezeka kuti chatha mphamvu ndi cha mwana. Ngati mwana akuyenda ndi kholo limodzi, ndi agogo kapena ndi banja la mnzake, konzani kalata ya chilolezo cha makolo yotsimikizidwa ndi notariusz, katswiri wa malamulo wotsimikizira zikalata, makamaka ngati dzina la bambo la mwanayo likusiyana ndi la munthu amene wamutenga. Si nthawi zonse pamene amaifunsa, koma tsiku limene aifunsa inu mulibe, ulendo umaima pomwepo.

Njira yolowera

Dzikoli lili ndi mabwalo a ndege awiri olandira alendo, la ku Podgorica, umene ndi likulu, ndi la ku Tivat kufupi ndi nyanja. Kampani ya LOT imauluka kuchokera ku Warszawa kupita ku Podgorica, ndipo makampani otsika mtengo monga Ryanair ndi Wizz Air amakhala ndi maulendo ochokera m'mizinda ina ya ku Poland, ochuluka m'chilimwe. Poti ulendowu ndi wotuluka m'dera la Schengen, pabwalo la ndege mudzadutsa pa tebulo la alonda a m'malire a Straż Graniczna musanakwere, choncho fikani msanga kusiyana ndi mmene mumachitira popita ku Roma kapena ku Madrid. Amene ali ndi unzika wa mayiko awiri akumbukire kuti boma la Poland limamuona ngati nzika yake basi, ndipo pa malire a Poland amayenera kuonetsa chikalata cha Poland.

Ena amatera ku Dubrovnik m'dziko la Croatia n'kulowa pamtunda kudzera pa chipata cha Debeli Brijeg, chimene mbali ya Croatia chimatchedwa Karasovići. Kuyambira pa 1 Januwale 2023 Croatia ili m'dera la Schengen, ndiye kuti chipata chimenechi ndi malire akunja a dera lonselo, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti mzere wa galimoto umatalika kwa maola. Dutsani m'mawa kwambiri kapena usiku. Pafupi pomwepo pali chipata chaching'ono cha Kobila, moyang'anana ndi Vitaljina, chimene nthawi zina chimakhala ndi galimoto zochepa.

Oyenda pa galimoto kuchokera ku Poland amadzera ku Slovakia, ena atayamba adutsa ku Czechia, kenako Hungary, ndipo kuchokera pamenepo amasankha Serbia, Bosnia ndi Herzegovina, kapena gombe la Croatia. Wodzera ku Serbia amalowera pa Dobrakovo kufupi ndi Bijelo Polje kapena pa Ranče kufupi ndi Pljevlja. Wodzera ku Bosnia angalowere pa Šćepan Polje, pamene mitsinje ya Tara ndi Piva imakumana, ngakhale msewu wofikira kumeneko ndi wopapatiza ndipo umafuna woyendetsa wodekha. Wochokera ku Albania amalowera pa Sukobin kufupi ndi Ulcinj kapena pa Božaj kufupi ndi Podgorica. Mayiko onsewa amalola nzika ya Poland kulowa ndi chiphaso cha unzika, koma lililonse lili ndi chipata chake ndi mafunso ake. Pali sitima ya pamtunda yochokera ku Beograd, likulu la Serbia, kukafika ku Bar, mzinda wa kugombe la Montenegro, njanji imene inatsegulidwa mu 1976, ndipo m'menemo apolisi a mayiko awiriwa amakwera n'kuyang'ana zikalata muli pampando.

Kunena za galimoto, khalani ndi laisensi yanu yapulasitiki ndi buku la galimoto, dowód rejestracyjny, zimene ku Poland simukakamizidwanso kuyenda nazo koma kunja zimafunika. Khadi lobiriwira la inshuwalansi, Zielona Karta, silifunikanso ku Montenegro kwa galimoto zolembetsedwa mu EU kuyambira mu Ogasiti 2021, ndipo ku Serbia ndi ku Bosnia nakonso silifunika. Komabe litengeni ngati kampani yanu ya inshuwalansi imapereka, chifukwa mukangoganiza zodumphira ku Albania lidzafunika, pamene ku Kosovo amagulitsa inshuwalansi yawoyawo pachipata. Ngati galimoto si yanu, ndi ya kuntchito, ya lizingi kapena ya m'bale, tengani kalata ya mwini wake yokulolani kuitulutsa kunja. Ngati mwabwereka ku kampani ku Dubrovnik, auzeni poyambirira kuti mukuwoloka malire kuti alembe m'pangano. M'dzikomo nyali zimayatsidwa usana womwe, mowa wololedwa m'magazi sudutsa 0.3 promile, kutanthauza magalamu 0.3 pa lita imodzi ya magazi, ndipo kuyambira pakati pa Novembala matayala a nyengo yozizira amafunika. Msewu wa pansi pa phiri wa Sozina, wolumikiza Podgorica ndi gombe, umalipiridwa, chimodzimodzinso msewu waukulu wa Smokovac kukafika ku Mateševo umene unatsegulidwa mu 2022, ndi pantoni ya pakati pa Kamenari ndi Lepetane.

Pachipata penipeni zinthu sizichedwa. Wapolisi amatenga chikalata, amachiyika pa makina, nthawi zina amafunsa kumene mukupita ndi masiku amene mukhale, basi. Khalani ndi adiresi ya malo ogona pafupi, yolembedwa papepala kapena yosungidwa m'foni mosadalira intaneti. Wolowa ndi chiphaso cha unzika alibe podindidwa chidindo, choncho asunge tikiti ya ndege kapena lisiti lililonse losonyeza tsiku limene analowa.

Kulembetsa kumene mwafikira

Ili ndi gawo limene alendo ambiri amaliphonya, ndipo ndi limene ndikufuna mulimvetse kuposa ena onse. Lamulo la za alendo ku Montenegro limafuna kuti mlendo alembetsedwe kwa apolisi pasanathe maola 24 atafika pamalo. M'chinenero chawo amati prijava boravka, ndipo anthu ambiri amangoti bijeli karton, kutanthauza khadi loyera, potengera kapepala koyera kamene kankaperekedwa kale. Kulembetsaku kumayendera limodzi ndi msonkho wa alendo, boravišna taksa, umene umalipiridwa pa usiku uliwonse umene mwagona. Msonkhowo umasiyana malinga ndi boma la dera, koma ndi ndalama yochepa, pafupifupi yuro imodzi kapena kuposerapo pang'ono kwa munthu wamkulu. Ana osakwana zaka 12 salipira ndipo a zaka 12 mpaka 18 amalipira theka.

Mukafikira ku hotela, ku hosteli kapena kumalo omanga matenti olembetsedwa ndi boma, ntchitoyi ndi ya eni malo. N'chifukwa chake wolandira alendo amakupemphani chikalata mutangofika; amalemba dzina lanu, nambala ya chikalata ndi masiku m'kompyuta yolumikizana ndi apolisi, ndipo msonkho amauika pa bilu. Vuto limabuka m'nyumba za anthu wamba, zija zobwereka kudzera pa Booking.com kapena Airbnb, kapena zopezeka kwa mayi woima pa siteshoni ya basi ndi chikwangwani cholembedwa sobe, kutanthauza zipinda. Eni nyumba ena amalembetsa alendo awo mokhulupirika, ena amayembekezera kuti mlendo apita yekha, ndipo ena safuna n'komwe kuti boma lidziwe kuti nyumba yawo imalandira alendo. Choncho musanamasule katundu funsani mwini nyumba mosapita m'mbali kuti kodi alembetsa ndi iye kapena inu, ndipo ngati akuti ndi iye, mupempheni lisiti kapena chithunzi cha umboni. Kufunsa kotere si chipongwe. Eni nyumba achilungamo amayankha mosavuta chifukwa amafunsidwa tsiku ndi tsiku.

Ngati ntchitoyi yagwera inu, pitani ku ofesi ya za alendo ya m'tauniyo, turistička organizacija, imene ku Budva, Kotor, Bar, Herceg Novi ndi Ulcinj ili ndi tinthambi tambiri m'chilimwe. Tengani zikalata za onse a pa ulendo, ana omwe, pamodzi ndi dzina lonse la mwini nyumba ndi adiresi yake. Kalaliki amalemba masiku, mumalipira msonkho pomwepo kapena amakutumizani kupositi kapena kubanki, ndipo mumalandira kapepala. Kumene kulibe ofesi yotere, pitani kupolisi. Kapepalako kasungeni pamodzi ndi pasipoti mpaka mutatuluka m'dzikomo, chifukwa potuluka wapolisi amatha kuona m'kompyuta kuti munalowa masiku khumi apitawo koma palibe pamene munalembetsedwa, ndipo zikatero chindapusa chake chimaposa kutalitali msonkho umene mukanalipira. N'zoona kuti ambiri amatuluka osafunsidwa kanthu, koma mwayi wa mnzanu si lamulo.

Kumbukiraninso kuti kulembetsa kumatsata malo, osati ulendo wonse. Mukagona masiku anayi ku Kotor n'kusamukira ku Žabljak, kumeneko mulembetsedwenso mwatsopano. Mukafupikitsa kapena kutalikitsa masiku, kauzeni a ku ofesi kuti akonze. Amene wafikira kwa mnzake kapena kwa apongozi ake, kumene salipira kanthu pogona, nayenso amalembetsedwa, ndipo ndi bwino kupita limodzi ndi mwini nyumbayo atatenga chiphaso chake. Oyenda m'galimoto zogonamo achite bwino kugona m'malo olembetsedwa, poti kumeneko kulembetsa kumachitika kokha.

Zimene unzika wa EU sukupatsani kumeneko

Yuro yakhala ikugwiritsidwa ntchito ku Montenegro kuyambira mu 2002, pamene inalowa m'malo mwa maki ya ku Germany, koma dzikolo linangoitenga lokha popanda kukhala membala. Zloty, ndalama ya ku Poland, sinthiranitu muli konko. Makadi a banki amagwira ntchito m'matauni, koma m'mapiri ndi m'nyumba za anthu ndalama zogwirika ndizo zimayenda. Wonyamula ndalama zokwana mayuro 10,000 kapena kuposa amayenera kuzinena kwa a kasitomu potuluka ndi polowa mu EU.

Foni ndiyo imapweteka anthu mosayembekezera. Lamulo la mu 2017 lolola nzika za EU kugwiritsa ntchito foni kunja pa mtengo wa kwawo linapangidwira mayiko a m'mgwirizanowo, choncho funsani kampani yanu mtengo wa ku Montenegro musananyamuke, ndipo zimitsani intaneti ya pafoni musanayandikire malire, chifukwa foni imatha kugwira netiweki ya tsidya lina mudakali pa mzere ku Croatia. Mukalowa gulani simu khadi ya alendo ya Crnogorski Telekom, One kapena m:tel. Amafuna chikalata chanu pogula. Khadi la chipatala la EKUZ, lothandizira nzika za Poland zikadwala kunja, nalonso linapangidwira mayiko a EU ndi a EFTA (Iceland, Liechtenstein, Norway ndi Switzerland), ndiye musalidalire: gulani inshuwalansi ya pa ulendo imene ikulipira chipatala ndi kukubwezani kwanu, ndipo ngati mukukakwera mapiri kapena kupalasa bwato mumtsinje wa Tara, onetsetsani kuti zimenezo zatchulidwamo. Nambala ya pangozi ndi 112.

Kulowa popanda viza sikupereka ufulu wogwira ntchito. Ku Germany kapena ku Ireland nzika ya Poland imafika lero n'kuyamba ntchito mawa, koma ku Montenegro wofuna kulembedwa ntchito, kapena kukhala kupyola masiku 90 chifukwa cha sukulu, banja kapena nyumba imene anagula, amapempha chilolezo chokhala kwa kanthawi, privremeni boravak, ku unduna wa za m'dziko, ndipo pempholo liperekedwe masiku ololedwa aja asanathe.

Okonda kuyenda m'mapiri a Prokletije, kumene njira za miyendo zimadumpha pakati pa Montenegro, Albania ndi Kosovo, adziwe kuti kusafunika kwa viza sikulola munthu kuwoloka malire paliponse. Kuwolokera m'phiri, kutali ndi chipata, kumafuna chilolezo chapadera cha apolisi a m'malire chimene chimapemphedwa pasadakhale.

Ngati m'banjamo muli amene si nzika ya Poland

Zonse zimene zanenedwazi zimatsata unzika, osati kumene munthu amakhala. Mmalawi, Mzambia kapena Mzimbabwe amene ali pabanja ndi nzika ya Poland, kapena akuphunzira ku Lublin kapena ku Warszawa, sayenda pa lamulo la masiku 90 lija ngakhale atakwera galimoto imodzi ndi mkazi wake ndi ana ake amene ali ndi mapasipoti a Poland. Chimene chimamuthandiza ndi lamulo lina la Montenegro, limene limalola munthu wokhala ndi viza ya Schengen yamphamvu, kapena chilolezo chokhala m'dziko la Schengen monga karta pobytu, kulowa kwa masiku osapitirira 30, komanso osapyola tsiku limene vizayo kapena chilolezocho chikutha. Khadilo palokha si chikalata choyendera. Liyenera kutsagana ndi pasipoti ya kwawo. Achenjere zinthu ziwiri. Amene viza yake ndi yolowera kamodzi kokha, akatuluka kupita ku Montenegro ndiye kuti waitha, ndipo sadzaloledwa kubwereranso ku Croatia kapena ku Poland ndi viza yomweyo. Amene karta pobytu yake inatha ndipo ali ndi chidindo cha wojewoda chosonyeza kuti akudikira yatsopano, chidindocho chimamulola kukhala mu Poland mokha, sichimulola kuyendayenda n'kubwerera. Poti malamulo a viza a Montenegro akusinthidwa pang'onopang'ono kuti afanane ndi a EU, munthu wotere alembere ofesi ya kazembe wa Montenegro asanalipire kalikonse, ndipo yankho alisindikize n'kuyenda nalo. Ayang'anenso malamulo a dziko lililonse la panjira, chifukwa Serbia, Bosnia ndi Albania ali ndi awoawo.

Chikalata chikatayika, ndi pobwerera

Musananyamuke lembetsani ulendo wanu mu Odyseusz, kaundula wa pa intaneti wa unduna wa za kunja wa Poland, ndipo werengani tsamba la undunawo lonena za Montenegro sabata yomaliza, poti ndi pamene zosintha zimalengezedwa. Jambulani zikalata zanu n'kusunga zithunzizo padera. Amene ali ndi pasipoti ndi chiphaso cha unzika atenge zonse ziwiri koma azisunge m'malo osiyana. Chikalata chikabedwa kapena kutayika, kanenani kupolisi ya pafupi kuti akupatseni kalata, kenako lumikizanani ndi ofesi ya kazembe wa Poland ku Podgorica, kumene konsulo amapereka pasipoti ya kanthawi, paszport tymczasowy, yobwererera kwanu. Imalipiridwa, ndipo mumayenera kukaonekera nokha.

Amene akutenga galu akonzekere kubwerera asanapite. Kulowa naye ku Montenegro kumafuna pasipoti ya ziweto ya EU, kachipangizo ka pansi pa khungu ndi katemera wa chiwewe, koma kubwerera naye mu EU kumafunanso umboni wa kuyezedwa magazi wosonyeza kuti katemerayo anagwira. Magaziwo amatengedwa patapita masiku osachepera 30 chibayireni katemera, ndipo ngati zotsatira zake zalembedwa m'pasipoti ya galuyo musanachoke ku Poland, mumabwerera naye popanda kudikira. Mukaiwala, galuyo angakakamizike kutsala kunja kwa miyezi itatu.

Pobwerera mukuchokera kunja kwa EU, choncho a kasitomu ali ndi ufulu wotsegula katundu wanu. Katundu wogula amaloledwa popanda msonkho mpaka mayuro 430 kwa wodzera pa ndege kapena panyanja, ndi mayuro 300 kwa wodzera pamtunda. Munthu wamkulu angatenge lita imodzi ya mowa waukali monga rakija, malita 4 a vinyo monga Vranac, ndi malita 16 a mowa wa m'mabotolo. Nyama ndi za mkaka siziloledwa n'komwe, ngakhale zitakulungidwa bwino m'pulasitiki ya kusitolo. Izi zikukhudza nyama ya nkhumba yowumitsa ndi utsi ya ku Njeguši, njeguški pršut, pamodzi ndi tchizi ya kumeneko, zimene alendo ambiri amagula pa msewu wokhotakhota wochokera ku Kotor kupita ku Cetinje kuti akagawire achibale. Zimenezo mudyeretu muli konko, ndipo za kunyumba mugule vinyo ndi mafuta a azitona a ku Bar, zimene zimadutsa pa Karasovići popanda wozilanda.